Ine ndi Khosi, Amunanga ndi Chiwindi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kwathu ndi kufupi ndi mishoni ya Fonte Boa, koma nkhondoyi idatikankhira ku Kalomwe, kumene tidamanga kanyumba ka udzu moyang'anana ndi malire. Nyuzi yanu imatipeza mochedwa. Imabwera ndi anthu a njinga ochokera ku Dedza, nthawi zina atakulungiramo usipa, ndipo ine ndimaiwongola bwinobwino n'kumawerengera amayi anzanga pachitsime. Lero ndati nanenso ndilembe.

Ndiyambe ndanena kuti sindikulira. Ndikulemba ndili wokondwa kuposa chaka chilichonse chimene ndakhala ndi moyo, ndipo mwina chimwemwecho ndicho chikundichititsa mantha, poti tsopano ndili ndi zoti ndingataye.

Amunanga, tiwatchule kuti a Victorino, adagwidwa ndi anthu amfuti mu 1986 ali kumunda kwathu kwa mbatatesi. Adawasenzetsa katundu n'kulowa nawo m'tchire. Tidadikira chaka, kenako china. Munthu wina wothawa adatiuza kuti adawaona atagwa panjira ndipo sadadzuke. Apongozi anga, a Antónia, adapempha Misa ya maliro, tidameta, ine ndidavala zakuda. Titathawira kuno tidabwera atatu: ine, apongozi ndi mwana wanga Emilia, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mwezi wa Marichi chaka chino, dzuwa lili paliwombo, ndinkasankha nyemba pakhomo. Pampanda padaima munthu wowonda, wovala chipewa chobooka ndi malaya a thumba. Adati, “Odi, kodi pano ndi pa mayi uja ankayimbitsa kwaya ku Fonte Boa?” Ine osadzutsa mutu ndidati, “Ndi pompano, koma ufa tilibe, pitani kutsogoloku.” Iwo adati, “Ufa sindikufuna. Ndikufuna mpando wanga.” Aphungu, nyemba zija sitidazitole zonse mpaka lero, zina zidamera pomwepo. Apongozi adatuluka m'nyumba, adayang'ana, adakhala pansi, adadzuka, kenako adalowanso m'nyumba n'kutuluka ndi kaufa kathu komaliza, kamene ndinkati palibe kaja, n'kuwathira mwana wawo kumutu. Emilia adathawira kuseri kwa nkhokwe ya anzathu, ndipo adatha masiku atatu akuwatchula kuti “alendo aja.” Tsopano sawasiya, akamamata matayala a njinga pamalirepo, iye amakhala pambali pawo akuwafotokozera zonse zimene zidachitika iwo kulibe, ndi zina zimene sizidachitike.

Padiri, wansembe wathu, amene nayenso adathawira chakuno, atawaona adaseka mpaka kupukuta misozi. Adati, “A Victorino, mwandivutitsa. M'buku langa inu ndinu womwalira.” Tagwirizana kuti mwezi wamawa kukhale Misa yothokoza, yofafaniza ya maliro ija, ndipo anzanga a kwaya akuti ndiyambitse nyimbo ndine. Chinanso, ndipo ichi ndauza anthu ochepa: ndili ndi pakati pa miyezi inayi.

Tsopano imvani vuto langa.

Ine ndili ndi chithokomiro. Khosi lidayamba kutupa ndili mtsikana wa ku eskola, sukulu ya masisitere, ndipo palibe adadabwa, chifukwa kwathu amayi ambiri ali nalo. Mayi anga adali nalo, azakhali anga awiri adali nalo. Ena ankati ndi chifukwa chosenza mitolo yolemera, ena ankati ndi madzi a kumapiri. Ndinkangomanga lenso, kampango, pakhosi n'kumapita. Koma limakula ndikakhala ndi pakati. Emilia atabadwa ndidapita padera kawiri, ndipo ulendo uliwonse chotupacho chinkatsala chokulirapo. Pano chafika ngati mbatatesi yaikulu. Sichipweteka, koma ndimatopa ngakhale ndisadagwire ntchito, ndimamva kuzizira anzanga akutuluka thukuta, m'mimba mumamanga masiku angapo, ndipo mawu anga ayamba kusasa. Nyimbo zimene ndinkakwera nazo mosavuta, tsopano ndimafika pakati n'kusiyira anzanga.

Amunanga nawo adabwera ndi lawo. Maso awo ndi achikasu, mkodzo ndi woderako ngati tiyi wopanda mkaka, amamva kuwawa kumanja pansi pa nthiti, thupi limawayabwa, ndipo chakudya cha mafuta akangochinunkhiza amachita nseru. Akuti kutchireko ankadya chimanga cha chuku ndi kumwa madzi a m'zithaphwi. Sakonda kunena zambiri za kumeneko, ndipo ine sindiwakakamiza. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kachasu. Kale sadali munthu wa mowa. Koma chibwerereni chawo, aliyense wodzawaona amabwera ndi kagalafa, kabotolo ka kachasu, m'thumba, ndipo abale ndi anzawo akubwerabe, ena kuchokera ku Domwe wapansi. Ndikawaletsa amati, “Munthu wayenda mtunda wonsewo kudzaona wouka kwa akufa, ndiye ndimukanire bwanji?” Akamwa, m'mawa mwake maso aja amachita kuwala chikasu.

Timaseka nazo, sindikana. Tsiku lina atandiyang'anitsitsa adati, “Mulungu adatiphatikiza bwino ife. Iwe uli ndi mbatatesi pakhosi, ine ndili ndi maungu m'maso. Tikangopeza mchere, ndiwo zakwana.” Ndidaseka mpaka kutsokomola. Koma nditasiya kuseka ndidaona kuti lamba wawo adabooledwanso bowo lina.

Apongozi anga ndi munthu wabwino, ndipo zaka zitatu zija tidakhala ngati mayi ndi mwana wake. Iwo sadakhale manja lende. Adaitana sing'anga wina wa kuno, amene adatitema mphini, ine pakhosi, amunanga m'nthiti, ndi lumo limodzi lomwelo limene adalitulutsa m'kachikwama kake. Adatisiyira galafa la mankhwala a mizu, owawa kuposa ndulu, kuti tizimwa tonse awiri m'mawa ndi madzulo. Ine ndidamwa kawiri n'kusanza. Kuyambira pamenepo ndimatenga kapu yanga, ndimapita nayo kuseri ngati ndikukamwera kumeneko, n'kuthira pa tsinde la nthochi. Apongozi amandiyamikira kuti ndine womvera, ndipo zimenezi zimandipweteka mumtima. Amunanga akumwabe. Sing'anga uja akuti abweranso mwezi ukaoneka kudzatema kachiwiri.

Mlungu wathawu ndidawoloka malire kupita ku sikelo ya amayi apakati. Kumeneko ndidapeza a Irima Amélia, sisitere amene adali namwino kwathu ku mishoni, ndipo amandidziwa kuyambira ndili mwana. Adandimasula lenso, adandigwira pakhosi, adandiuza kuti ndimeze malovu, kenako adati, “Mwana wanga, wabwera nthawi yabwino. Kwabwera dotolo ndi anzake, akuchita kafukufuku pa anthu ochokera kumapiri kwathu. Akufuna kudziwa za chithokomiro ndi za matenda a chiwindi. Amagwira khosi, amadina pamimba, amatenga magazi pang'ono kuti akapime, analize ija, ndipo a chithokomiro akuwapatsa kambulu ka mafuta koti ameze kamodzi. Ubwere Lachinayi, ndipo amuna akowo usawasiye.” Ndidafunsa kuti khosi ndi chiwindi zikukhudzana bwanji, poti zili kutali. Adayamba kundifotokozera, koma panja padali mzere wautali wa amayi, ndiye adangoti, “Ubwere, udzamva.” Akuti anthuwo akhala mpaka kutha kwa mwezi uno basi.

Ndidabwerera kunyumba ndikuyimba. Koma nditafotokoza, amunanga adaika pansi chubu chimene ankamata. Adati, “Ndasenza katundu wa anthu zaka zitatu osaloledwa kufunsa kumene akupita. Magazi anga sapita kumene ine sindikudziwa. Ndipo dzina langa lisalembedwe pa pepala la munthu aliyense. Ndidaona zimene mapepala a maina amachita.” Sadakalipe. Adangotolanso chubu chija.

Apongozi ndiye adakaniratu za ine. Akuti adamva pamsika kuti kambulu kaja kamatseka mimba, ndipo wapakati akameza amapita padera. Adandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwana wanga, awiri adapita kale. Uyu ndi wobwera ndi bambo wake kuchokera kumanda. Usamuseweretse.” Amunanga sakundiletsa, akuti thupi ndi langa. Koma ndikudziwa kuti ndikapita, apongozi adzaona ngati ndawanyoza, ndipo china chikadzachitika pa mimbayi, ngakhale chochokera kwina, ndidzakhala ndi mlandu moyo wanga wonse.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. Kodi ndipite? Kambulu kameneka n'kotani, ndipo sikangavulaze mwana? Nanga amunanga ndingawanyengerere bwanji, poti zimene akunenazo ine ndikuzimvetsa? Mankhwala a m'galafa aja ndipitirize kuthirira nthochi mobisa, kapena ndiulule? Ndiponso pa Misa yothokoza ija kudzakhala festa, phwando, ndipo ndamva kale kuti amalume a amunanga akutcheza kachasu wa tsikulo. Sindikufuna kuti tidzavine mwezi wamawa kenako n'kudzametanso chaka chisadathe. Kumeta kamodzi chifukwa cha munthu mmodzi n'kokwanira.

Ndine wanu,
S. E., Kalomwe

*

Mayi S. E.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko mokweza, kuti anzanga amene ndimagwira nawo ntchito amve nawo. Makalata ochokera chakwanuko masiku ano amakhala a maliro okhaokha. Yanuyi yatitsitsimula. Muwauze a Victorino kuti takondwa nawo, ndipo tikufuna akhalitse.

Yankho langa lalifupi ndi ili: pitani. Lachinayi limene a Irima adanena ngati ladutsa, pitani Lachinayi lotsatira, anthuwo asadachoke. Ine si dotolo, choncho ndisadakuyankheni ndidakakhala pansi ndi namwino wina wodziwa za matendawa, ndipo zimene ndikuuzeni zachokera kumeneko.

Chithokomiro aliyense ali nacho, ine ndemwe. Ndi kanyama kakang'ono pakhosi kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa thupi: kutentha kwake, mphamvu zake, kayendedwe ka m'mimba, ndi kakulidwe ka mwana. Kuti kagwire ntchito kamafuna mchere wina wotchedwa ayodini, umene achipatala a kwanuko amati yodo. M'madera a mapiri, mvula idakokolola ayodini m'nthaka kalekale, ndiye chimanga, nyemba ndi madzi a kumeneko zimakhala ndi wochepa. Kanyama kaja kakamusowa kamakula pofuna kukola ngakhale wochepa yemweyo. N'chifukwa chake mayi anu ndi azakhali anu adali nalo khosi limeneli. Si mitolo, si ufiti, ndipo sapatsirana. Kutopa, kuzizidwa ndi kumanga m'mimba kumene mukunenako kukhoza kukhala chizindikiro chakuti chithokomiro chanu chikulephera kukwanitsa ntchito. Magazi ndiwo anganene zoona.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene apongozi anu agwira nkhani chakumchira. Mayi wapakati amafuna ayodini wochuluka kuposa munthu wina aliyense, poti akudyetsa awiri. Akasowa kwambiri, mimba ikhoza kuchoka, kapena mwana akhoza kubadwa wosamva, wochedwa kukula ndi wovutika kuphunzira. Sindinganene motsimikiza kuti ndicho chidakuchotserani mimba ziwiri zija, chifukwa zoyambitsa n'zambiri. Koma chimene apongozi akuopacho chimabwera kawirikawiri ndi kusowa kwa ayodini, osati ndi kulandira. Kambulu ka mafuta kaja, ngati ndi kamene ndikukadziwa, ndi ayodini yemweyo woikidwa m'mafuta kuti thupi lizimutapa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Sikatseka mimba. Komabe musangomeza chifukwa Aphungu anena. Muuzeni dotoloyo ndi pakamwa panu kuti muli ndi pakati pa miyezi inayi, kuti mudapita padera kawiri, ndiponso kuti mudamwako mankhwala a mizu. Iye akakupimani ndiye anene chokuyenerani. Ndipo musayembekeze kuti chotupa chimene chakula zaka khumi ndi zisanu chiphwa pofika tsiku la Misa. Chikhoza kuchepa, chikhoza kungoleka kukula. Za mawu anu mumuuzenso, chifukwa kusasa kwa mawu pa munthu wa chithokomiro n'koyenera kuti dotolo akuone bwino.

Funso limene a Irima adalibe nthawi yoyankha lija, yankho lake ndi ili. Timadzi ta chithokomiro tambiri timakakonzedwa m'chiwindi tisadayambe kugwira ntchito mokwanira. Chiwindi chikadwala, ntchito imeneyi imasokonekera. Chithokomiro chikasokonekera, chiwindi nachonso chimamva. Ndiye anthu ofufuzawo akuyang'ana ziwirizi pamodzi, monga mmene munthu wokonza njinga sayang'ana tcheni osayang'ana giya. Fanizo limeneli mukawapatse amuna anu.

Za iwowo ndilankhula mosabisa: amene akundidetsa nkhawa kwambiri pa awirinu ndi iwo. Chikasu si matenda pachokha, ndi mbendera imene chiwindi chimakweza chikapanikizika. Chikhoza kuchokera ku madzi oipa, ku tizilombo toyenda m'magazi, ku chuku cha m'chimanga ndi mtedza, ku likodzo, ku mowa, ngakhale ku mankhwala amene. Zina mwa izi zimachizika, zina zimafuna kudzisamala moyo wonse, ndipo palibe angadziwe ndi maso okha kuti chawo ndi chiti. Munthu amene wakhala wachikasu miyezi yonseyi, akuwondabe, sayenera kudikira.

Koma musawanyengerere ngati mwana. Zimene adanenazo n'zanzeru, ndipo adazigula modula. Auzeni kuti akunena zoona: magazi awo asapite kumene iwo sakudziwa. Ndiye apite akafunse. Akaime pamaso pa dotoloyo n'kufunsa kuti magaziwo ndi ochuluka bwanji, akupita kuti, akapimidwa chiyani, otsala adzatayidwa bwanji, zotsatira adzamva liti ndipo adzawauza ndani. Akafunsenso ngati pa kabotolopo palembedwa dzina kapena nambala, ndi amene adzaone pepalalo. Akaonetsetse kuti singano ndi yatsopano kapena yowiritsidwa bwino. Kafukufuku woyenda bwino amayankha mafunso onsewa mosanyinyirika, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Akakana kulowa m'kafukufukumo, apemphebe kuti awapime ngati wodwala wamba, chifukwa chithandizo sichiyenera kukhala malipiro a magazi. Kutchire kuja sankaloledwa kufunsa. Kuno akafunse mpaka akhute, kenako asankhe okha. Ndikhulupirira kuti munthu akapatsidwa mpata wokana, kuvomera kumamupepukira.

Lumo lija lisakukhudzeninso, inu kapena iwo. Ena mwa matenda a chiwindi amayenda m'magazi, ndipo lumo limodzi lotema anthu ambiri ndi njira yawo yaikulu. Akhoza kuchoka kwa amuna anu kubwera kwa inu, n'kufika kwa mwana pobadwa. Mukamuuze dotolo za mphinizo kuti akupimeni chiwindi inunso. Galafa lija nalonso liime. Sindikunyoza mizu yonse, koma palibe akudziwa chimene chili m'menemo ndi mlingo wake, ndipo chilichonse chimene munthu wameza chimakathera m'chiwindi. Chiwindi chodwala sichifunika kuchisenzetsa katundu wina. Inu mudachita bwino kuleka. Cholakwika n'chakuti mudapulumutsa nthochi yanu ku ludzu n'kusiya amuna anu akumwabe.

Choncho ululani, ndipo muyambire kwa apongozi. Musawauze pa anthu, ndipo musayambe ndi mawu akuti “mudalakwitsa.” Mayi ameneyu adalira maliro a mwana wake, n'kumulandiranso wamoyo. Zonse akuchitazi ndi mantha a munthu amene sakufuna kulira kachiwiri, mantha omwewo amene inu muli nawo. Khalani nawo pansi awiriwiri, muwauze kuti mankhwala aja ankakusanzitsani ndipo mudaopa kuwakhumudwitsa. Kenako muwapemphe kuti akuperekezeni kwa a Irima Amélia, akamve okha ndi kufunsa okha za kambulu kaja. Iwo ndi a mishoni, sisitereyo amamudziwa; mawu ake adzalemera kuposa a pamsika, ndiponso kuposa anga. Akakakana ngakhale atamva, pitanibe, mwaulemu, amuna anu akudziwa. Kukwiya kwa apongozi kumatha. Zimene mwana angataye m'miyezi imeneyi sizibwezedwa.

Mukawakopa, apatseni ntchito: akhale mlonda wa kachasu. Mkazi akaletsa mowa anthu amati ndi nkhanza, koma mayi wobereka akaima pakhomo n'kunena kuti “mwana wanga adwala chiwindi, galafa lanu libwerere,” palibe amatsutsa. Amuna anu asamwe ngakhale kapu imodzi, ngakhale pa festa. Amalumewo auzidwe msanga, asadawononge chimanga chawo. Pa tsikulo fululani thobwa lambiri lotsekemera, a Victorino akhale ndi chikho chawo m'manja kuyambira m'mawa, kuti wobwera ndi kachasu apeze dzanja lili kale ndi ntchito. Mlendo amene wayenda kuchokera ku Domwe wabwera kudzaona munthu wamoyo. Amuthandize kukhalabe wotero.

Zotsalazi n'zapakhomo. Chimanga kapena mtedza wa chuku musadye, ngakhale njala ilipo. Sankhani monga mumasankhira nyemba, ndipo zimene mwasunga zikhale pouma. Madzi akumwa muziwiritsa, ndipo m'manja muzisamba pochokera kuchimbudzi ndi musadagwire chakudya. Amuna anu azidya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, phala, nyemba, masamba, zipatso zimene zapezeka, ndipo katundu wolemera ayambe apuma. Nthabwala yawo ya mchere ija idalasa osadziwa. Muwafunse a Irima ngati mchere wothira ayodini ukupezeka chakumeneko, ndipo anthu a njinga aja akubweretsereni umenewo. Muziusunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi, n'kuthira ndiwo zitatsala pang'ono kupsa. Musachulukitse, mlingo ndi womwe uja wa masiku onse. Emilia nayenso mupite naye akamugwire pakhosi, poti wakulira pa nthaka yomweyo.

Pa Misa ija yimbani. Mawu akakana kukwera, yambitsani nyimbo pamene mawu anu afika, anzanu adzatsatira.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo muwawerengere onse a m'nyumba mwanu. Amuna anu akayamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kutupa mimba kapena miyendo, kugona kosadzuka bwino kapena kulankhula zosokonekera, musadikire Lachinayi la munthu aliyense. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Inunso mukaona kuti mukubanika, chakudya chikukakamira pakhosi, mtima ukuthamanga osaleka mutalandira mankhwala, mwayamba kutaya magazi, kapena maso anu ayamba chikasu, nyamukani pomwepo, chifukwa chikasu pa mayi wapakati sichicheza. Wolokani malire masana, ndi anzanu, njira imene anthu akudutsa tsiku limenelo. Ndipo wina aliyense, kaya ndi wa mizu kaya ndi wa jekete loyera, akafuna kukuchitani kanthu pathupi osafotokoza, mufunseni kuti n'chiyani ndipo n'cha chiyani.

Mwandilembera anthu awiri odwala, koma m'nyumba mwanumo muli wachitatu amene sangathe kulemba kalata, kukana lumo, kapena kuwoloka malire yekha. Miyendo yake ndi yanuyo. Mupite naye.

Aphungu